Sakhwi, Nguluwe ndi Mfundo za pa Udzu

Kalekale, mapiri awa akadali zulu, padali mudzi wa nyama pakati pa tchire la tsekera. Ndati padali mudzi, inu! Vomerani kuti tili tonse, ndisachite ngati ndikuyankhula ndi zitsa. Eya, choncho. Inunso akuluakulu mwakhala kumbuyoko, musayese kuti nthanoyi ndi ya ana okha. Ikakugundani musandiyang'ane ine, ine ndidangoimva.

Mudziwo unkatchedwa pa Msekese, chifukwa pakati pake padali mtengo waukulu wa msekese. M'mudzimo munkakhala Sakhwi. Sakhwi mumamudziwa: kanyama konga mbewa, koma kamphuno kake kosongoka, kotalika, kosadziwa kukhala chete. Pa liwiro musamuyese. Ukati wamuona apa, dziwa kuti waona fumbi lake.

Munkakhalanso Mayi Nkhono, mzamba wa mudziwo. Koma mzamba wake! Mukawatuma kuti uje matenda ayamba, ankafika mwana atamera mano. Sakhwi yemweyu, tsiku lobadwa, adachita kukawachingamira panjira ndi miyendo yake, nati, "Ndabadwa kale, amayi, bwererani." Iwo sadabwerere. Adafika ndithu patapita masiku anayi, ndipo adafika bwino, chifukwa tsiku lomwelo mphamba adatenga mayi ake a Sakhwi. Mwanayo adakulira pa chitsa cha Mayi Nkhono.

Tsono chaka chilichonse, chilimwe chikafika pachimake, udzu utauma gwa, kunkabwera moto wa tchire. Ankauyatsa ndi anthu osaka mbewa kutsidya kwa dambo. Moto ukabwera, aliyense ankadziwa chochita. Wa mapiko ankauluka. Wa miyendo ankathawa. Wa una ankalowa pansi. Motowo ukadutsa, ankabwerera n'kumanganso, n'kumaseka kuti, "Chaka chino unatifika pafupi."

Chaka china moto udabwera ndi mphepo. Sakhwi adaliyatsa liwiro, psiti! Adafika kumtsinje osapsa ngakhale ubweya umodzi. M'mawa mwake, pobwerera, adayenda m'lupsa, pansi pali bii. Ndipo paphulusapo adaona tinthu toyera mbee, tili mbwee njira yonse. Adasendera pafupi, kamphuno kali nyomunyomu. Zidali zigoba za nkhono, zopanda eni ake.

Mayi Nkhono adawapeza pansi pa mwala, amoyo, akutsokomola utsi. Amuna awo ndi ana awo onse adali m'gulu la zigoba zija.

"Umathamanga bwino, mwananga," adatero Mayi Nkhono, osati monyoza ayi, koma mongonena. "Ndinakuona ukudutsa."

Mawu amenewo adamulasa Sakhwi pamtima. Adachita manyazi, adalira, koma misozi sibwezera munthu m'chigoba. Atatopa ndi kulira adayamba kuyendayenda m'lupsa muja, mpaka adafika pa kanjira kena ka anthu opita ku chitsime. Apo adaima. Mbali ino ya kanjirako kudali phulusa lokhalokha. Mbali inayo udzu udali chiimire, osapsa.

"Ha! Bwanji moto sunawoloke apa?" adadzifunsa. Adanunkhiza uku, adanunkhiza uko, adapalasa pansi. Pakanjirapo padalibe mankhwala, padalibe madzi. Padali dothi lokha, loyera, lopondedwa.

"Kani moto sudya dothi!" adatero Sakhwi. Ndipo nzeruyo adagona nayo chaka chathunthu.

Mvula idabwera, idapita. Tsekera adakulanso, adayamba kufiira. Sakhwi adayenda khomo ndi khomo.

"Odi kuno! Tiyeni tilambule njira kuzungulira mudzi wonse, yopanda udzu, moto ukafika ugwire njakata."

Nkhanga adadzikuna nthenga nati, "Nzeru yabwino, koma ine ndili ndi mapiko."

Gwape adatambasula miyendo nati, "Nzeru yabwino, koma ine ndili ndi izi."

Fuko sadatuluke n'komwe. Adangoyankhira pansi kuti, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Tsiku la ntchito lidakwana, ndipo adabwera atatu: Mayi Nkhono, Nanzikambe ndi Bongololo. Bongololo atakhudza udzu woyamba adadzidzimuka, n'kudzipinda, osapindukanso mpaka madzulo. Nanzikambe adakweza mwendo umodzi, n'kuyamba kuganiza ngati auponde kapena ayi. Mayi Nkhono adanyamuka mbandakucha, adafika anzawo akuweruka. Mtima adali nawo onsewa, musawaseke. Koma mtima wokha suzula tsekera.

Choncho Sakhwi adagwira yekha. Poyamba adathamanga kuzungulira mudzi, akumanga mfundo pa udzu, apa mfundo, apo mfundo, kuti adziwe modutsa njira yake. Kenaka adayamba pa mfundo yoyamba: kuluma phesi, kukoka, kusesa ndi timiyendo, kuluma phesi, kukoka, kusesa. Pogwira ankaimba:

Sesa, sesa, Sakhwi,
Wakutuma ndani?
Palibe wandituma,
Ndidaona zigoba.

Masiku atatu adapita. Malo amene adalambula mukadayalapo mphasa imodzi, n'kutsala kamalo ka mtsamiro. Ndipo nyenje zidali zitayamba kale kulira m'mitengo, kusonyeza kuti kutentha kwafika.

Tsono kunja kwa mudzi, cha kumadzulo, kunkakhala Nguluwe. Chimunthu chachikulu, chofiirira, cha ndevu zoyera zimene ankazinyadira kuposa abale ake. Nguluweyu ntchito ya gulu ankaidziwa bwino, makamaka mathero ake. Pakakhala dima, uja mwambo wolimirana, iye ankayamba wakagubuduka m'matope, n'kutulukira nthawi ya thobwa akupuma wefuwefu, nati, "Koma lero ndiye tatopa, anzanga." Ena mukuseka kumbuyoko, ndikuona mukumudziwa. M'mutu mwa Nguluwe mudali chinthu chimodzi chokha chosagwedezeka: palibe amene amagwira ntchito popanda chodyapo.

Tsiku lachinayi adadutsa pomwe Sakhwi ankasesa. Adaima, adapendeketsa mutu.

"Iwe Sakhwi, ukutani?"

"Ndikulambula njira, a Nguluwe."

"Yopita kuti?"

"Siipita kulikonse. Izungulira mudzi n'kubwerera pomwe yayambira."

"Njira yosapita kulikonse! Wakutuma ndani?"

"Palibe."

"Akupatsa chiyani?"

"Palibe."

"Thobwa lilipo?"

"Palibe."

"Nanga ndi ya chiyani?"

"Yotchinga moto."

"Moto umakupeza iwe?"

"Ine sundipeza. Umapeza a Nkhono."

Nguluwe adaseka mpaka mimba idawawa, n'kumapita. Koma sadapite patali. Nkhaniyo idamuyabwa ngati chitedze. Adafika pa munda wa chinangwa cha eni, adazula mtengo umodzi, koma chinangwacho sichidakome. "Kanthu kochenjera ngati kaja kangamatuluke thukuta chifukwa cha nkhono? Iyayi. Pali chimene kakubisa. Safunsa adadya phula, ndibwerere."

Adabwerera, adabisala pa chitsamba, n'kumasuzumira. Pamenepo ndi pamene adaona mfundo zija.

Paja mukudziwa mwambo wake. Munthu akapeza chulu cha ngumbi, kapena mpama woti adzakumbe mawa, amamanga mfundo pa udzu kuti odutsa adziwe kuti pano pali mwini. Nguluwe ataona mfundo, n'kuona ina patsogolo, n'kuonanso ina, malovu adayamba kuchucha.

"Ndakugwira!" adatulukira, tchire lili phwatha phwatha. "Mfundozi n'zachiyani?"

"N'zondikumbutsa modutsa njira, a Nguluwe."

"Pansi pake pali chiyani?"

"Palibe."

"Palibe, palibe! Choka apo!"

Adamukankha ndi chimphuno, nalowetsa chimphunocho m'dothi. Fuku fuku fuku! Tsekera kuzuka ndi mizu yomwe, ziputu kuuluka, fumbi koboo! Nanzikambe asanaponde mwendo wake uja, Nguluwe adali atagalauza malo oti mungayalepo mphasa khumi.

Sakhwi adangoti kukamwa yasa. Adayang'ana kamalo kake ka masiku atatu. Adayang'ana malo a Nguluwe. Kamphuno kake kadayamba kugwedera msangamsanga, monga kamachitira mwini wake akamaganiza.

"Apa palibedi," adatero Nguluwe akulavula dothi. "Ndiye kuti mfundo iyi unamangira kundisocheretsa. Chenicheni chili pa inayo."

"A Nguluwe, ndikukuuzani zoona. Pa inayonso palibe."

Ponena choncho Sakhwi adaponya diso pa mfundo yachiwiri, n'kulibweza msanga. Basi, kadiso kokhako. Nguluwe adakaona.

"Hehe! Mwana wa dzulodzuloli ukufuna kundipusitsa ine? Ndikumba kuchokera pano mpaka apo, osadumpha ngakhale phazi limodzi, mwina wabisa pakati."

Fuku fuku fuku!

Mvetsetsani bwino apa, ana inu: Sakhwi sadaname ngakhale kamodzi. M'mawa uliwonse Nguluwe ankafika n'kufunsa kuti, "Lero uulula?" Ndipo m'mawa uliwonse Sakhwi ankati, "Palibe choulula." Kenaka ankathamanga n'kukakhala pa mfundo yotsatira, mchira atapinda, nkhope ili ndwii. Nguluwe akamuona wakhala pamenepo ankabwera akufukula ngati khasu la ng'ombe. Njira ikachepa m'mimba mwake, Sakhwi ankangoima pambali n'kumayang'anitsitsa chiputu china. Nguluwe ankabwerera n'kuzula chiputucho ndi anzake onse.

Tsiku lina adafukuladi kampama kakang'ono ngati chala.

"Waona! Palibe, palibe, nanga ichi n'chiyani?"

"Kameneko kanadzimerera kokha, a Nguluwe. Ine sindimakadziwa."

"Aka ndi kamwana. Make ali kutsogoloku."

Fuku fuku fuku!

Madzulo ake Mayi Nkhono adatulutsa tinyanga tawo nati, "Mwananga, kodi sukumulakwira mwana wa eniyu?"

"Ndimamuuza zoona tsiku lililonse, amayi."

"Ndikumva. Koma zoona zakozo zili ndi khwekhwe."

"Khwekhwe anabwera nalo yekha m'mutu mwake. Ine ndikungomugwirira chingwe."

Mayi Nkhono adaseka mpaka adalowa m'chigoba. Kadali koyamba kuseka chichitikire cha moto uja.

Patapita masiku asanu ndi atatu, dzuwa lili paliwombo, Nguluwe adafukula, adafukula, mpaka chimphuno chidagwera m'dzenje lakale. Adadzutsa mutu. Chitsamba ichi adachizindikira. Dzenje ili adalizindikira.

"Iwe Sakhwi! Bwanji ndafika pomwe ndidayambira?"

"Ndidakuuzani tsiku loyamba, a Nguluwe. Njirayi siipita kulikonse."

Njira idali itazungulira mudzi wonse, yotakata bwino. Koma ntchito idali isanathe. Udzu wonse wozulidwa uja udali mbwee m'mbali mwa njiramo, milumilu, wouma ngati fodya. Moto ukadafika ukadangoyenda pamwamba pake ngati pa ulalo. Sakhwi ankaututa phesi limodzilimodzi, ndipo kutsidya kwa dambo utsi udali utayamba kuoneka tolotolo masana alionse.

Ndiye kudatulukira Nkhanga. Nkhanga pakamwa pake sipagona nkhani. Ataona njira ija adakwera pa chulu n'kukuwa:

"Tulukani muone! A Nguluwe adzipereka! Atilambulira mudzi wonse mwaulere! Mwaulere, anthuni!"

Mudzi wonse udakhamukira komweko. Nthungululu, m'manja, kuvina. Gwape adagwada nati, "Zikomo, bambo, tinkakuyesani munthu wa mimba." Ngakhale Fuko adatulutsa mphuno nati, "Mulungu akudalitseni."

Nguluwe adayang'ana uyu, adayang'ana uyo. Ndevu zidayamba kunjenjemera.

"Mwati mwa chiyani?"

"Mwaulere!" adavomera onse.

Abale anga, ndaonapo anthu akutukwanidwa, koma sindidaonepo munthu wopwetekedwa ndi zikomo ngati Nguluwe tsiku limenelo. Adalira ngati wafedwa.

"Ine? Mwana wa bambo anga ine? Masiku asanu ndi atatu, msana kuwawa, mphuno kusupuka, mwaulere? Sizitheka! Thukuta langa palibe alidyere! Ndibwezera udzu wonse momwe unaliri!"

Adayamba kukankha milu ija n'kumaimwaza pakati pa njira. Nthungululu zidati zii. Mtima wa Sakhwi udagwa. Adayang'ana utsi kutsidya, adayang'ana Mayi Nkhono amene adali akadali panjira kubwera ku chikondwererocho. Akadamugwira mwendo Nguluwe n'kumupempha, akadangowonjezera moto. Choncho adapita pafupi, adapendeketsa mutu monga muja adachitira Nguluwe tsiku loyamba.

"A Nguluwe, mukutani?"

"Ndikubwezera udzu!"

"Wakutumani ndani?"

"Palibe!"

"Akupatsani chiyani?"

"Pali..." Nguluwe adaima, udzu uli kukamwa.

"Thobwa lilipo?"

Nguluwe adalavula udzu uja.

"Ndimangofunsa," adatero Sakhwi. "Kuzula kunakutengerani masiku asanu ndi atatu. Kubwezera mwina khumi. Ndiye kuti yaulereyo mugwira kawiri. Koma ndinu a mtima wabwino, a Nguluwe."

Nguluwe adakhala pansi, khu! Kusiya, wagwira yaulere. Kubwezera, wagwira yaulere ina. Mutu udazungulira, adagwira njakata.

Sakhwi adatembenukira kwa Nkhanga, nayankhula mokweza pang'ono. "Inu a Nkhanga, udzu uwu sungakhale bwino pa chisa?"

"Ungakhale bwino zedi! Wofewa chonchi?"

"Inenso nditengeko wogonapo," adatero Gwape.

Makutu a Nguluwe adaima njo.

"Siyani! Wazula ndani udzuwu? Ndi wanga! Wonse! Phesi limodzi likasowa muona!"

Adaututa, anthuni. Tsiku limenelo ndi linzake, kusenza, kukoka, kukankha, ulendo ndi ulendo, kupita nawo kwake kunja kwa njira. Adatola ngakhale tizinyalala, kuti Nkhanga asapezepo kanthu. Njira idatsala ili mbee, yosalala ngati bwalo la chinamwali. Kwa Nguluwe kudaima chimulu cha udzu chotalika kuposa nkhokwe, ndipo mwini wake adaboola pakati n'kulowamo kuti azilondera.

Sakhwi adapita kukamuona. "A Nguluwe, musagone m'mulumo. Moto uli pafupi. Bwerani mukhale mkati mwa njira."

"Ee, kuti ndikachoka mudzatute udzu wanga? Ndakudziwa tsopano. Pita!"

Nayenso uyu, ukamuuza zoona amamva bodza. Sakhwi adabwerera akupukusa mutu.

Mkuja mwake, dzuwa litangopendeka, mphepo idasintha. Nyenje zidasiya kulira. Kumwamba kudayamba kugwa timaphulusa takuda, ndipo kuchokera kudambo kudamveka thethethe, thethethe, ngati chimanga chokazinga. Moto! Udabwera mbali ziwiri, udatseka ndi njira ya kumtsinje yomwe. Gwape adathamanga uku, adakumana nawo, adathamanga uko, adakumana nawo, adabwerera ndi miyendo yake yomwe ija kudzaima pa msekese. Nkhanga mapiko adali nawo, koma mazira ake adalibe. Adakhala pa chisa, osauluka. Fuko una udatentha, adatuluka akutsokomola. Mudzi wonse udaunjikana mkati mwa njira yosapita kulikonse.

Mayi Nkhono moto udawapeza m'mphepete mwenimweni mwa njira, cha mkati, pomwe adafika pa ulendo wawo uja wa ku chikondwerero. Sakhwi adaima pambali pawo. Miyendo yake inkamuuza kuti thawa, thawa, mpata ukadalipo apo. Adachita mantha, ndisakunamizeni, chifukwa njirayo idali isanayesedwe. Koma adakanikiza zala m'dothi, osasuntha.

"Kodi wa ndevu uja ali kuti?" adafunsa Mayi Nkhono.

Sakhwi adayang'ana kumadzulo. Chimulu chija chidali chiimire, ndipo malawi adali atatsala pang'ono kuchinyambita. M'katimo munkamveka mkonono.

Psiti! Adadumpha njira, adadutsa mu utsi, adalowa m'mulumo.

"A Nguluwe! Moto! Dzukani!"

"Bodza," adatero Nguluwe osatsegula maso. "Ukufuna udzu."

"Ndikulumbira, moto wafika!"

"Ukalumbira ndiye bodza lenileni. Choka."

Udzu wa pamwamba udayamba kuthetheka. Sakhwi kamphuno kadagwedera kamodzi, kawiri. Kenaka adatsitsa mawu.

"Chabwino, gonani. Mudzi wonse wasonkhana pa msekese, koma palibe chimene tikugawana. Palibe, a Nguluwe. Musabwere."

Diso limodzi la Nguluwe lidatseguka. Sakhwi adaponya kadiso kaja cha ku msekese, n'kukabweza msanga, n'kuliyatsa liwiro.

"Akuba inu! Mukudya nokha!"

Nguluwe adaphulika m'mulumo, ndipo nthawi yomweyo mulu wonse udati lawi! Mphepo idamuponyera chiphesi choyaka kumaso, ndevu zidagwira moto. Adathamanga liwiro la mtondo wadooka, akukuwa, utsi ukufuka kumasaya, Sakhwi patsogolo, moto pambuyo. Adawoloka njira imene adakumba ndi mphuno yake, adapunthwa, adagubuduka, n'kugwa chagada, gubudu!

Moto udafika pa njira. Udaima. Udawerama, udatambasula lilime, udanyambita dothi. Udathamanga kumanja kufuna powolokera, udathamanga kumanzere, osapeza ngakhale phesi limodzi, poti mwini udzu adatola zonse. Udazungulira mudzi wonse ukulira ndi njala. Kenaka udafooka, udagona pansi, n'kusanduka utsi.

Koma ndevu zidali zikuyakabe. Tsono mwayi wake, Nguluwe adagwera pamphuno penipeni pa Mayi Nkhono. Iwo adangokwera tsaya lake, akutulutsa thovu lawo lozizira lija, tsiii, mbali ino, tsiii, mbali inayo. Moto wa ndevu udazima. Kadali koyamba mzamba uja kufika pa nthawi yake, chifukwa wodwala adachita kuwagwera pakhomo.

Nguluwe adakhala tsonga. Ndevu theka zidapita. Adasuzumira Mayi Nkhono mokayika.

"Mufuna ndikupatseni chiyani?"

"Palibe, bambo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire."

"Palibe winanso!" adadandaula Nguluwe. "Mudzi uno mwapangana?"

Adadikira mpaka ena atabalalika kukaona nyumba zawo, zimene zidali chiimire zonse. Kenaka adasendera kwa Sakhwi, adayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona.

"Tatsala tokha tsopano. Udzu wanga wapsa, ndevu zanga zapsa, sindikulanda kanthu. Ndiuze basi, mtima ukhale pansi. Pa ntchito yonseyi, iwe wapezapo chiyani?"

Sakhwi adaloza Mayi Nkhono, amene ankatsika pang'onopang'ono kuchoka pa tsaya lija.

"Chaka chatha ndidapeza zigoba," adatero. "Chaka chino m'chigobamo muli mwini wake."

Nguluwe adayang'ana chigobacho. Adachinunkhiza mbali ino, adachinunkhiza mbali inayo, adasuzumira pansi pake.

"Ukubisabe," adatero, n'kumapita akung'ung'udza, chimphuno chili pansi.

Mayi Nkhono adafika pa dothi, adapumula, adatulutsa tinyanga tawo.

"Lero ndinakuonanso ukudutsa, mwananga," adatero. "Koma unabwerera."

Sakhwi adagwetsa nkhope, n'kuyamba kusesa timaphulusa tomwe tidagwera m'njira.

N'chifukwa chake mpaka lero, mukalowa m'tchire, mupeza timipita ta sakhwi tili tosesedwa bwino, opanda womutuma. Ndipo nguluwe mpaka lero ikufukulabe, m'minda mwanu momwe, kufunafuna chimene Sakhwi adabisa.

Nthano yanga yapsera pomwepa. Kaphuleni mbatata, yopserera mundisungire ine. Koma musanabalalike, akuluakulu inu a kumbuyoko: mawa m'mawa tikukakonza ulalo wa pa khwawa, uja amayi amavutika nawo popita ku sikelo. Thobwa kulibe. Chogawana kulibe. Kulibe kanthu ndithu, musabwere.